Kompyuta ya Malemu Liviu

Mphepo ya kummawa ikayamba mu Febuluwale siifunsa ngati m'nyumba muli maliro kapena ukwati. Imabwera ndi chipale chouma ngati ufa, n'kuchiunjika pakhomo mpaka chitseko kukana kutseguka. Ikatero munthu amadziwa chochita ngakhale mutu utaima. Atulukire pawindo la kukhitchini ndi fosholo. Akumbe kanjira ka ku nkhuni, kena ka kuchitsime, kena ka ku khola la nkhuku. Aswe madzi oundana m'chidebe cha ziweto. Asonkhe moto m'chipinda chimodzi chokha, zina zonse atseke, atsindire nsanza m'munsi mwa zitseko.

A Gavril Bejan anachita zonsezi Lachitatu m'mawa, monga ankachitira chaka ndi chaka. Manja ankagwira okha. Atamaliza anaima pakati pa bwalo, fosholo ili m'manja, osadziwa chimene aimira, mpaka ndevu zinayamba kuuma ndi chisanu.

Loweruka la sabata imeneyo linali tsiku la makumi anayi chimwalirire mwana wawo Liviu. Pa tsikulo mzimu umachoka pakhomo, ndipo zake zimayenera kuperekedwa. Chimene wapatsa wamoyo kuno, wakufayo amachilandira uko, mmene chiliri momwemo. Akazi awo a Profira anali atakonza kale jekete, nsapato, bulangete, pilo, mbale, kapu ndi supuni. M'matumba a jekete anapezamo tiketi ya basi ndi maswiti a chifuwa, anachotsa. Chimene chinatsala chinali kompyuta.

"Inu abambo, chija mwachiyatsa?" anafunsa a Profira, amuna awo akukutumula chipale pa nsapato.

"Ndichiyatsa."

"Chiyambire sabata yatha mukungoti ndichiyatsa. Loweruka si chaka chamawa."

A Gavril anakoloweka chipewa pamsomali.

"Ndipo chigwire ntchito," anapitiriza a Profira. "Chakufa ine sindipereka. Azakhali anga a Saveta anapereka jagi yong'aluka pa mwambo wa amuna awo, ati palibe aone. Mpaka Pasaka ankawalota malemuwo atanyowa chifuwa chonse, akumwa koma madzi osafika kukhosi."

"Nkhaniyo ndinaimva."

"Muimvenso. Ana a anzathu akakafika uko amakalima, amakaweta nkhosa. Wathuyu khasu analigwirapo liti? Akakhala wopanda makina akewo azikachita chiyani, kuyang'ana khoma?"

Wolandira anali atasankhidwa kale. Zamwamuna amapatsa mwamuna, wa msinkhu womwewo, amene alibe. Sandu anaphunzira kalasi imodzi ndi Liviu, koma iye anatsala m'mudzi, kudula nkhuni ndi kukokera anthu katundu pa kavalo. A Gavril ndi a Profira ndiwo anali ankhoswe pa ukwati wake. Mkazi wake Rodica anali ku Italy, akusamala gogo wina wa eni ake. Sandu ankamuona pafoni yong'aluka galasi, nkhope yaing'ono ngati bokosi la machesi, mng'alu utadutsa pamphuno.

A Gavril moyo wawo wonse anagwira ntchito ya njanji, pa kasiteshoni ka pakati pa minda ya chimanga ndi mpendadzuwa, kufupi ndi tawuni ya Dorohoi. Sitima zambiri pamenepo zinkangochepetsa liwiro, osaima. Ntchito yawo inali kuyang'ana wotchi, kutembenuza chitsulo, kukweza mbendera, kuimbira siteshoni ya kutsogolo ndi kunena mawu omwewo amene ananena dzulo. Ankadziwa nyengo ndi zimene zinkadutsa: ngolo za manyowa mbewu zikamabzalidwa, tirigu m'chilimwe, malasha masamba akayamba kugwa. Kenako njanji inatsekedwa. Udzu unamera pakati pa zitsulo, adokowe anamanga chisa padenga, a Gavril anabwerera ku nkhuku zawo.

Liviu anali mwana mmodzi yekha, wobadwa makolo atataya kale mtima. Anakula wosakonda dzuwa. Anapita kusukulu kumzinda wa Iasi, natsalira komweko pa kampani ina, kusamala makina a anthu ena. Chaka china, nthawi yokolola mphesa, anabwera ndi kompyuta yakale imene kuntchito ankafuna kutaya. Anaipukuta fumbi, anafafaniza zonse zinali m'kati, naikamo pulogalamu yaulere imene ankailemekeza ngati mpingo. Atatha anatsegula kazenera kakuda, kopanda chithunzi chilichonse, kokhala ndi kamzere kophethira pakona.

"Atate, apa ndi pamene mumalankhula nacho popanda mtanthauziri. Chikakana chimanena chifukwa. Inu muzingowerenga."

"Ine Chingelezi ndinachiphunzira kuti?"

"Ndachiika m'chinenero chathu. Musaope, sichiluma."

Kuwerengako a Gavril sanakuzolowere. Anapeza njira yawo yachidule. Pa kiyibodi panali batani la muvi woloza m'mwamba, ndipo ukalidina, mzere umene munthu analembapo kale unkabwerera. Ukadinanso, wina wakale kuposa uja. Iwo ankangodina mpaka aone mzere umene ankauzindikira ndi maonekedwe, monga munthu amazindikirira nkhosa yake pakati pa za eni, kenako n'kumenya batani lalikulu. Zinkatheka. Ankaona zanyengo, ankaonera sitima za m'maiko ena zikukwera mapiri, ndipo Lamulungu masana nkhope ya Liviu inkadzaza galasi lonse, akudya chinachake cha m'pepala, amayi ake akumukalipira. Zikavuta kwenikweni Liviu ankalowa m'makinamo ali ku Iasi komweko. Kamuvi ka pagalasi kankayenda kokha, a Profira n'kudzilemba mtanda.

Chaka chathachi Liviu anabwera kudzapha nawo nkhumba ya Khirisimasi, nakhalitsa mpaka chaka chatsopano. Tsiku lobwerera anakhala pabenchi pakhonde kuti amange nsapato. Anamanga imodzi. Dokotala anati ndi mtima.

Mtembo unagona m'chipinda cha alendo, mmene munalinso kompyuta. A Profira anachita zoyenera. Anaphimba magalasi oonera nkhope, anaimitsa wotchi ya pakhoma, anaphimba TV. Galasi la kompyuta nalonso limaonetsa nkhope likazima, ndiye analiphimba ndi nsalu, nazula waya kukhoma. Atabwera ku manda wotchi anaiyendetsanso, TV anaivundukula. Chipinda cha alendo anangochitseka. Moto sanasonkhemonso, ndipo madzi a m'botolo la maluwa anaundana mpaka botolo kusweka.

Lachitatu lomwelo a Gavril ananyamula makinawo kupita nawo kukhitchini. Chitsulo chake chinkaluma zala. Chitamva kutentha kwa chitofu chinayamba thukuta, ndipo iwo anadziwa kuti chinthu cha magetsi chonyowa sayatsa. Anachisiya patebulo mpaka masana, atakhala pafupi, akuchiyang'ana chikuuma.

Atachiyatsa chinalira kamodzi, galasi linawala. Zonse zinaoneka zili m'malo. Koma pulogalamu yoimbira imene ankaonerana nayo ndi Liviu inati ndi yakale, iyenera kukonzedwanso kaye. Atayesa tsamba la zanyengo, makina anati tsambali si lodalirika. La sitima, si lodalirika. Lililonse limene anayesa, yankho linali lomwelo, ngati munthu amene wabwera ku ndende ndipo sakhulupiriranso aliyense.

Anatsegula kazenera kakuda. Anadina muvi. Mzere wa Liviu unabwera, uja wokokera zatsopano pa intaneti, woyamba ndi mawu akuti sudo. Anamenya batani lalikulu, analemba mawu achinsinsi ndi chala chimodzi. Zilembo zinathamanga pang'ono n'kuima. Anadina muvi kawiri, mzere wina. Unaimanso. Anapitiriza kukwera. Panali mizere ya sabata ya Khirisimasi, pamene Liviu anakhala pamenepo ndi kapu ya tiyi akung'ung'udza yekha. Panali ya chilimwe chatha. Ina yaitali, yodzaza timizere ndi madontho, ina ya zilembo ziwiri zokha. A Gavril ankaiona ikudutsa ndipo sankamva kanthu. Ankangodina. Kunja kutayamba kuchita mdima anazimitsa, napita kukatsekera nkhuku.

Lachinayi msewu wa ku tawuni unali wotsekekabe. Basi sinabwere. Amene anabwera ndi Sandu, ndi mtolo wa nkhuni paphewa ndi mphuno yofiira.

"Mwadzuka, ankhoswe? Nanga wodwalayu ali bwanji?"

"Akuyaka, koma sakulankhula ndi anthu."

"Chimenyeni pambali. TV yanga ine ndimaimenya."

"N'chifukwa chake imaonetsa anthu obiriwira."

"Obiriwira koma amagoletsa." Sandu anaseka, kenako anakumbukira nyumba imene alimo, nasiya. Anasuzumira ku chipinda chosungira zakudya, kumene a Profira ankasankha mtedza, n'kutsitsa mawu. "Ankhoswe, musadzivute. Mundipatse chonchi. Ine ndinena mawu oyenera, ndikachiika pakona, kansalu pamwamba. Amayi sadziwa."

"Ndamva, Sandu!" anakuwa a Profira. "Chinafa ndi mabondo, makutu alipo. Ine ungandinamize. Nanga malemuyo?"

"Ayi amayi, ndimangocheza."

"Kacheze ndi kavalo wako. Ndipo uvule chipewa, muno si m'khola."

Sandu anavula chipewa. Anamwa kapu ya kachasu wa mapulamu ataimirira, nayang'ana galasi lija nthawi yaitali. "Ndi lalikulu ndithu," anatero. "Rodica angakwane yense, ndi mapewa omwe." Anatuluka.

A Gavril sankadziwa ngati amakhulupirira za jagi ya a Saveta. Funsolo linali patali, ngati phiri tsiku la chifunga. Chimene ankadziwa n'chakuti Loweruka adzaima patebulo pamaso pa akazi awo, ndipo adzayenera kunena ngati chinthucho ndi chamoyo kapena ayi.

Anakhalanso pansi. Anabweza mzere uja wa sudo, zilembo zinathamanga n'kuima pomwe paja. Chala chinapita chokha pa muvi, koma sanadine. Anatenga magalasi a maso pawindo, anawapukuta ndi malaya, nawerenga zimene makina ananena, liwu limodzi limodzi, milomo ikuyenda.

Makina ankati: zimene mukufunazi nthawi yake sinafike. Dikirani masiku zikwi zingapo.

Anawerenganso. Kusiteshoni kuja, sitima ikakhala kuti nthawi yake sinafike sankaipatsa njira, ngakhale ikuoneka ndi maso, ikufuka utsi patsogolo pako. Ndipo zikatero choyamba kuyang'ana sichinali sitima. Anakweza maso kupita pakona ya galasi, pamene panali tizilembo tating'ono timene sanatiyang'anepo chiyambire. Tinkati ndi Januwale, chaka chakale kwambiri, chaka chimene makinawo anapangidwa. Chaka chimenecho Liviu anali akadali pasukulu ndipo sitima ya malasha inali ikudutsabe.

"Amayi," anaitana. "Pa maliro paja munaimitsa wotchi zingati?"

"Imodzi. Tili nazo zingati?"

"Ziwiri."

A Profira anabwera ndi mbale ya mtedza, anayang'ana pamene chala chinkaloza, sanaone kanthu, nabwerera.

Kukonza wotchiyo a Gavril sankadziwa, ndipo m'mizere yonse ya Liviu munalibe za zimenezo. Pa maliro panabwera abwana ake a Liviu, mayi wa imvi zodula mwachimuna, a Otilia, amene anaima kunja kwa tchalitchi akusuta mpaka mapemphero kutha. Pochoka anaika okha nambala yawo m'foni ya a Gavril. Tsopano anaimba.

"Ndani? Aa, bambo ake a Liviu. Dikirani ndizimitse fodya. Ayi, sindizimitsa. Nenani."

A Gavril anafotokoza monga ankafotokozera ngozi ya panjanji: chimene chachitika, chimene aona, chimene ayesa.

"Mwapeza nokha zimenezo? Anyamata anga kuno akanayamba ndi kulira. Munachizula kukhoma?"

"Mayi ake anachizula. Tsiku lija."

A Otilia anakoka fodya.

"Kwathu ku Vaslui," anatero a Otilia, "atamwalira atate, amayi anaimitsa ndi wotchi ya pa chitofu yomwe. Chabwino. Lembani. Sudo, mpata, date, mpata, kamzere."

"Kogona kapena koimirira?"

"Kogona, bambo, ngati ine Lamulungu. Kenako s. Mpata. Tsopano chaka, mwezi, tsiku, ndi nthawi imene ili pakhoma panu."

"Ya pakhomayi imathamanga. Nditenga ya pamkono."

"Tengani imene mumaikhulupirira."

Analemba, kulakwitsa, kufafaniza, kulembanso. Atamenya batani lalikulu makina anabwereza tsikulo, Lachinayi la mu Febuluwale, chaka chino. Anabweza mzere wa sudo uja. Ulendo uno zilembo sizinaime. Zinatsika ngati ngolo za sitima yaitali, ina pambuyo pa inzake, ndipo iwo anakhala akuziyang'ana foni ili pakhutu.

"Zikuyenda?"

"Zikuyenda."

"Musasangalale msanga. M'kati mwa bokosimo muli kabatire kophwatalala ngati batani la jekete. Ndi kamene kamasunga nthawi makina akakhala opanda magetsi. Kanali kotopa kale, chisanu chakamaliza. Mukangozula waya, chiiwalanso."

"Loweruka chiyenera kuzulidwa. Chikupita kwa eni ake."

"Mukuchipereka?" A Otilia anakhosomola. "Inde. N'zoona, masiku akwana. Ndiye pezani kabatire, bambo."

Kunjanji chizindikiro ankachiyesa mbali zonse ziwiri. Pulogalamu itatha kukonzeka, a Gavril anazimitsa makina, anazula waya, anapita kukatunga madzi, nabwera kudzalumikizanso. Pakona paja panabwerera Januwale wakale uja.

Lachisanu mphepo inachepa koma msewu sunatseguke. Ku sitolo ya m'mudzi kunali mabatire a tochi okha. Mwini sitolo anati kotereko amakaona m'makiyi a galimoto, koma galimoto zonse za m'mudzi zokhala ndi makiyi otere zinali ku Italy ndi ku Germany pamodzi ndi eni ake. A Gavril anabwerera m'kanjira kawo kokumba. Anatsegula wailesi, anatsegula tochi yakale, anakhuthula kabati ya misomali. Palibe.

Kukhitchini a Profira anali atayamba koliva, tirigu wowiritsa wa akufa uja. Tirigu anali atatsukidwa, shuga ndi mtedza wosinja zili m'mbale zake. Pakati pa tebulo panali sikelo yaing'ono yagalasi imene Liviu anawagulira chaka china. A Gavril anaiyang'ana. Anaitenga, naitembenuza.

"Mukufunanji pansi pa sikelo yanga?"

Anawaonetsa kachitseko kozungulira. Anafotokoza mwachidule.

"Ndiye koliva ya mwana wanga ndiyeze ndi chiyani?"

"Amayi anu ankayeza ndi chiyani?"

"Amayi anga musawalowetse. Anali ndi manja ena."

Mphika unkabwata pachitofu. Kenako a Profira anapukuta manja pa epuloni, analanda sikelo ija, anatsegula kachitseko ndi nsonga ya mpeni, naika kabatireko pachikhatho cha amuna awo. Kanali kofunda.

"Ikatsekemera mopitirira muwauze anthu kuti ndinu," anatero, natenga kapu.

A Gavril anamasula zomangira ziwiri za kumbuyo kwa bokosi, nachotsa chivindikiro cha pambali. M'kati munali fumbi lotuwa ndi kangaude wouma. Kabatire kakale kanali pakona, kogwidwa ndi kachitsulo. Zala zawo zinali zazikulu, zolimba ndi chisanu, ndipo kanawapulumuka kangapo kasanatuluke. Katsopano kanalowa ndi kaphokoso kakang'ono. Chivindikiro anangochibwezera osamanga, zomangira anaika m'thumba la malaya, poti mwina pafunika kutsegulanso. Anayatsa, analemba tsiku ndi nthawi monga anawaphunzitsira a Otilia.

Panatsala kukhuthula matumba a makinawo. Anaimbanso ku Iasi, ndipo a Otilia, akutafuna chinachake, anawatsogolera. Zithunzi zonse anazisamutsira m'kafulashi. Kenako anatsegula malo atsopano m'dzina la Sandu. Makina anayamba kufunsa mafunso ngati kalaliki wa boma. Dzina lonse. Nambala ya chipinda.

"Akufunsa nambala ya chipinda. Sandu ali ndi chipinda chimodzi."

"Ingodumphani, bambo. Palibe amene anayankhapo funso limenelo chilengedwere dziko."

Pa mawu achinsinsi analemba dzina la kavalo wa Sandu, kuti asaiwale.

"Tsopano kuchotsa malo akale," anatero a Otilia, ndipo anasiya kutafuna. "Zimenezi sizibwerera. Zonse zimene analemba mmenemo zipita. Mukufuna ndikuuzeni lero?"

"Mawa kulibe nthawi."

Anawauza. A Gavril analemba mzerewo, dzina la mwana wawo lili kumapeto. Anauwerenga kamodzi kuona ngati palibe cholakwika. Anamenya batani lalikulu. Makina sanafunse kachiwiri. Anaganiza pang'ono, kenako kamzere kanayamba kuphethira pamzere watsopano.

"Zatheka?"

"Sichinanene kanthu."

"Chikakhala chete ndiye kuti zatheka."

Anathokoza, anatseka foni. Anazula waya kukhoma, anaukulunga, namanga makinawo m'bulangete limodzi ndi galasi lake. Kukhitchini kunkanunkhira mtedza ndi makoko a ndimu.

Loweruka kunacha kopanda mphepo, thambo lili mbee, chisanu cholasa m'mano. Chipale chinkalira pansi pa nsapato. Kutchalitchi anthu anagwirana mapewa pamene wansembe ankakweza mbale ya koliva, onse akuiyendetsa m'mwamba ndi m'munsi potsatira nyimbo. Kumanda anathira vinyo pamtumbira, ndipo anasiya mtanda wofiira pachipale. A Gavril anaima pamene anawauza kuti aime, anagwira kandulo imene anawapatsa. Phula linawadonthera pachala, analiona likuuma.

Kunyumba anthu anadya mofulumira, majekete ali m'thupi. Wina anati koliva yakoma. A Profira anayamba kuchotsa mbale. Mbale zitachotsedwa anaitana Sandu kuti aime tsidya lina la tebulo. Anamupatsa jekete, nsapato, pilo, mbale ndi kapu, chilichonse ndi buledi wolukidwa ndi kandulo yoyaka pamwamba. Chomaliza chinali mtolo wa bulangete. Asanaugwire anayang'ana amuna awo.

"Chikugwira?"

"Dzulo chimagwira."

"Sindikufunsa za dzulo."

"Za lero tikaona kwa Sandu. Chagona usiku wonse chopanda magetsi."

A Profira anayang'anabe kanthawi. Kenako anagwira mbali imodzi, amuna awo mbali ina, nadutsitsa mtolowo pamwamba pa tebulo.

"Zikhale za mzimu wa Liviu," anatero a Profira.

"Bogdaproste," anatero Sandu, monga amanenera wolandira. Ananenanso kachiwiri.

Anakweza katundu pa ngolo yotsetsereka pachipale. Kavalo ankatulutsa nthunzi m'mphuno. A Gavril anayenda pambali, dzanja lili pamtolo. A Profira anati mabondo sawalola, koma atafika pa chipata cha Sandu anapezeka ali m'mbuyo, akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo.

M'nyumba ya Sandu munkanunkha utsi ndi chikopa cha kavalo. Tebulo anali atalipukuta, ataikapo nsalu yoyera imene Rodica anasiya. Anadikira kuti chitsulo chiume thukuta. Sandu anaponya nkhuni m'chitofu chimene chinali chodzaza kale. A Profira anakhala pamphepete pa bedi, ndodo ili pakati pa mawondo.

Chitauma a Gavril analumikiza mawaya, wa galasi, wa kiyibodi, wa intaneti umene unkachokera kuseri kwa TV, pomaliza wa kukhoma. Anadina. Chinalira kamodzi.

"Lemba dzina la kavalo wako."

"La Murgu? Iyeyu akudziwa bwanji za Murgu?"

"Lemba."

Sandu analemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Galasi linatseguka. A Gavril anavala magalasi, anatsegula kazenera kakuda, nalemba okha zilembo zinayi zija za date. Makina anayankha kuti ndi Loweruka, mu Febuluwale, chaka chino. Anayang'ana wotchi ya pamkono. Zinagwirizana.

"Chati chiyani?" anafunsa a Profira.

"Chati ndi lero."

Anatsegula pulogalamu yoimbira, Sandu anatchula nambala. Inalira kanthawi. Kenako galasi linadzaza ndi khitchini ya eni, yowala, yokhala ndi matailosi oyera, ndipo pakati pake panali Rodica, ndi mapewa omwe, thaulo lili m'manja.

"Sandu? Iwe, ukuoneka bwino chonchi bwanji? Jekete limenelo ndi la ndani? Ndipo ndevuzo! Unandilonjeza chiyani za ndevu?"

"Kukuzizira, mkazi iwe, ukufuna chibwano chigwe? Moni kaye ankhoswe, ali pompano."

"Ankhoswe! Amayi! Pepani, sindinakuoneni. Mulungu amukhululukire Liviu. Ndayatsa kandulo kuno m'mawa."

"Amukhululukire," anayankha a Profira. Anadzuka pabedi, anasendera pafupi, nayamba kufunsa ngati gogo wa ku Italy uja akudya.

A Gavril anazungulira kuseri kwa tebulo. Anagwada, anatulutsa zomangira ziwiri zija m'thumba la malaya, anakankhira chivindikiro m'malo mwake. Anamanga cham'mwamba. Anamanga cham'munsi, nachikhwimitsa mpaka chinakana kuzungulira.